Za kudziwana ndi anthu pa nkhani ya ntchito: networking ndi chiyani ndipo imayenda bwanji?

Munthu akangolengeza pa Facebook kapena pa LinkedIn (tsamba la pa intaneti la za ntchito) kuti wayamba ntchito yatsopano, makomenti amadzaza a zabwino zonse, koma pamakhala kagulu kena kosalemba kanthu kamene mumtima kakungoti aaa, ameneyu anali ndi munthu mkati basi. Mbali inayi a HR (ofesi yolemba anthu ntchito), alangizi a za ntchito, aphunzitsi a m'makoleji, onse nyimbo yawo ndi imodzi, akuti CV payokha siingakufikitseni patali, pangani networking. Nde munthu umabalalika. Chimene timadandaula nacho tikachiona kwa anzathu ndi chomwechonso akutiuza kuti tizichita? Kapena ndi zinthu ziwiri zongofanana nkhope?

Zili pafupi ndithu, ndipo pali malo ena pomwe malire ake saoneka bwino, tifikapo. Koma nkhaniyi akatswiri akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 50, ndipo zina zimene anapeza sizigwirizana ndi mmene ambirife timaganizira.

Kodi ndi chiyani kwenikweni

Networking ndi kumanga komanso kusamala maubale ndi anthu amene mungathandizane nawo pa ntchito kapena pa bizinesi, ndipo anthu onsewo pamodzi ndiye netiweki yanu. Aliyense ali nayo kale, olo amene sanapondeko ku semina chibadwire: amene munaphunzira nawo, amene munagwira nawo ntchito, makasitomala, aphunzitsi anu akale, anzake a achimwene anu. Kungoti netiweki ya anthu ambiri inangochitika yokha, inabwera chifukwa cha komwe anakulira, sukulu imene anapita ndi desiki imene anawakhazika ku ofesi. Kuchita networking mwacholinga ndi kukhala pansi n'kunena kuti ine ndikufuna kufika apo, amene akudziwa njira ya kumeneko ndi anthu a mtundu uwu, nanga ndingadziwane nawo bwanji ndisanafike powafuna mwadzidzidzi.

Kukondera ndi kwina. Kumeneko munthu amapatsidwa malo amene sakuyenera chifukwa ndi mbale wa bwana kapena mnzawo, oyenera n'kusiyidwa, malamulo olembera anthu ntchito n'kuponderezedwa. Pomwe pa networking ubale umangonyamula zinthu ziwiri. Choyamba ndi uthenga umene ukubwera kwa inu, zoti ku dipatimenti yakuti munthu akuchoka mwezi wa mawa, akufuna wodziwa chakuti, ndipo manejala wake sakonda zochedwa. Chachiwiri ndi mbiri yanu imene ikupita kwa iwo, wina kunena kuti uja ndimamudziwa, ntchito amaitha, dedilaini saphonya. Intavyu mukachitabe ngati wina aliyense, ndipo mutha kugwa.

Olemba ntchito amamvereranji mawu a munthu

Taganizani muli mbali inayo ya tebulo. Mwatulutsa vakansi imodzi, kwabwera ma apulikeshoni mazana, digiri yofanana, mawu ofanana, aliyense akuti ndi wolimbikira komanso amagwira bwino ndi anzake. Pepala silinena ngati munthu amazemba Lolemba lililonse, kapena ngati akalakwitsa amavomera kapena amakankhira anzake. Ndipo kulemba munthu wolakwika kumapweteka, mumamuphunzitsa miyezi, malipiro akutuluka, ntchito ikuima, kenako muyambirenso kusaka wina. Nde manejala amachita chimene wina aliyense angachite, amafunsa anthu amene amawakhulupirira kuti simukudziwa munthu wabwino?

N'chifukwa chake makampani ambiri akuluakulu amafika popereka bonasi kwa wantchito amene wabweretsa munthu n'kulembedwa. Si chifundo ayi, aona kuti zimawachepetsera chiopsezo. Pamenepa pali mfundo imene ofuna ntchito ambiri amaiphonya: amene akutchula dzina lanu akuika dzina lake pachiswe. Mukakachita zachibwana kumeneko, manyazi ndi ake. Choncho munthu amene wakuonani kamodzi kokha akamachita njenjenje kukutchulani sikuti ndi woipa mtima, alibe umboni.

Pa intaneti mumayenda manambala oti ntchito 70 kapena 85 pa 100 zilizonse zimapezeka kudzera mwa anthu. Musawagwire kwambiri amenewo, zimasiyana kutengera dziko, mtundu wa ntchito ndi amene anafunsidwa. Zimene zili ndi kafukufuku weniweni kumbuyo ndi izi.

Amene amathandiza kwambiri si anzanu apamtima

Mu 1973 ndi 1974 Mark Granovetter, katswiri wa ku America wa za mmene anthu amakhalira m'magulu, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene mpaka lero amatchulidwabe. Anafunsa amuna 282 a ku Newton, pafupi ndi Boston, mamanejala ndi akatswiri a ntchito zosiyanasiyana amene anali atasintha ntchito, kuti anaipeza bwanji. Pafupifupi 56 pa 100 anati kudzera mwa munthu. Zimenezo sizinadabwitse aliyense. Chodabwitsa chinatuluka atafunsa ena mwa iwo kuti munthu anakuthandizaniyo munkaonana naye kangati. Amene anati pafupipafupi, kawiri pa sabata kapena kuposa, anali cha m'ma 17 pa 100 okha. Cha m'ma 56 anati mwa apo ndi apo, ndipo 28 anati kamodzi pa chaka mwinanso osakwana. Ndiye kuti ambiri sanathandizidwe ndi mnzawo wa pondapo n'pondepo, koma ndi munthu wongodziwana naye. Maubale oterewa iye anawatchula kuti ofooka.

Chifukwa chake sichovuta. Anzanu apamtima amadziwa zimene inu mukudziwa kale. Muli m'magulupu a WhatsApp omwewo, mumadziwa anthu omwewo, vakansi imene iwo aiona inunso mwaiona, mwinanso nonse mwaapulaya. Koma munthu uja munakhala naye kalasi imodzi kalekale, pano ali ku kampani ina, mzinda wina, amacheza ndi anthu amene inu simunawaonepo, amene uja akamva nkhani imakhala yatsopano kwa inu. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kafukufuku ameneyu anali wamng'ono, wa amuna okhaokha, m'tauni imodzi, nde kwa zaka zambiri anthu ankakayikira ngati zili choncho paliponse. Mu 2022 magazini ya sayansi yotchedwa Science inasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku LinkedIn ndi a m'mayunivesite a MIT, Harvard ndi Stanford. Kwa zaka zisanu LinkedIn inkasinthasintha kabokosi kaja kamene kamakuonetsani anthu oti mwina mukuwadziwa, ena kumawaonetsa anthu apafupi kwambiri, ena apatali, pa anthu oposa 20 miliyoni. Pa nthawiyi panalumikizidwa maubale atsopano okwana 2 biliyoni ndipo panapezeka ntchito zatsopano 600,000. Anapeza kuti maubale ofooka amathandizadi kupeza ntchito, koma osati ofooketsetsa. Amene anaposa onse anali apakatikati, munthu amene si mnzanu wapamtima komanso si mlendo weniweni, woti pali anthu cha m'ma 10 amene nonse awiri mukuwadziwa. Anapezanso kuti zimenezi zimaoneka kwambiri m'ntchito za makompyuta ndi zaukadaulo wamakono, pomwe m'ntchito zina maubale olimba ndi amene anali ndi mphamvu. 

Musamve ngati anzanu apamtima alibe phindu. Kafukufuku wina wa mu 2017 wogwiritsa ntchito Facebook anaonetsa kuti maubale ofooka amapambana chifukwa ndi ochuluka, koma mukatenga munthu mmodzi mmodzi, wapafupi ndi amene angadzipereke kwambiri kukuthandizani. Wakutali amakuuzani kuti kuli mpata, wapafupi ndi amene amaimba foni kachiwiri ndi kachitatu kukumenyerani nkhondo.

Kukhala mlatho

Ronald Burt wa ku University of Chicago anapitiriza pamenepo. Iye anati pakati pa magulu a anthu pamakhala mipata, a dipatimenti ya zogulagula ali ndi nkhani zawo, a maakaunti zawo, mainjiniya zawo, ndipo kawirikawiri samvana. Munthu amene amadziwana ndi magulu awiri kapena atatu osalumikizana amakhala mlatho. Mu kafukufuku wake wa 2004 pa mamanejala mazana angapo a kampani ina yaikulu ya zamagetsi ku America, anthu oterewa ndi amene maganizo awo anayamikiridwa kwambiri ndi akuluakulu a kampani, ndipo pa malipiro ndi pulomoshoni analinso patsogolo. Sikuti anabadwa anzeru kuposa anzawo, kungoti chinthu chimene ndi chachizolowezi ku gulu ili chimakhala nzeru yatsopano ku gulu ilo, ndipo iwo ndi amene amachiwolotsa.

Vuto ndi loti tonse mwachibadwa timakokeka ndi anthu ofanana nafe, amsinkhu wathu, a sukulu yathu, a ntchito yathu. Mutha kudziyesa nokha pompano. Tsegulani foni, onani anthu 10 omaliza amene munakamba nawo za ntchito, kenako dzifunseni kuti angati mwa iwo amadziwana okhaokha. Ngati onse akudziwana, manambala mu foni muli ambiri koma gulu ndi limodzi.

Kuchulukitsa anthu sikuthandizanso. Robin Dunbar wa ku Oxford ananena kuti munthu amatha kusunga maubale enieni cha m'ma 150, apamtima kwambiri 5, kenako 15, kenako 50, mpaka kufika 150. Akatswiri ena amatsutsa nambala imeneyi, koma mfundo yoti nthawi ndi mutu zili ndi polekezera palibe angaikane. Anthu 3,000 pa LinkedIn amene sangakuzindikireni mutakumana pa khomo la ofesi si netiweki, ndi mndandanda chabe.

Pamene cholinga chimalowera

Apa ndi pamene ambiri amatayikira. Amamva kuti pangani networking nde amayamba kupita ku wekishopu iliyonse, kutolera makhadi, kutumiza ma request kwa aliyense wovala suti pa profaili, pakatha chaka atopa ndipo palibe chasintha. Chinasowa ndi funso loyamba: ndikufuna chiyani?

"Ndikufuna ntchito yabwino" si cholinga chimenecho, n'chikhumbo. Cholinga chimamveka chonchi: ndine wa maakaunti ku kampani yaing'ono, pomatha zaka ziwiri ndikufuna ndili mbali ya audit (kuunika mabuku a ndalama) ku kampani yaikulu. Mukanena choncho mafunso ena amabwera okha. Kodi chimene ndikusowa ndi chidziwitso, mwina sindikudziwa n'komwe kuti ntchitoyo tsiku ndi tsiku imakhala yotani? Ndiye wofunika ndi munthu amene akuigwira panopa, makamaka amene analowa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo chifukwa akukumbukirabe mmene analowera. Kodi ndikusowa luso? Ndiye ndi gulu la ophunzira anzanu kapena bungwe la akatswiri a ntchitoyo. Kodi luso ndili nalo koma palibe akundidziwa? Ndiye mukufunika malo pomwe anthu angaone ntchito yanu ndi maso. Munthu wamkulu kwambiri pa kampani nthawi zambiri si amene mukumufuna, ngakhale aliyense amathamangira iyeyo.

Akatswiri awiri, Herminia Ibarra ndi Mark Hunter, mu 2007 anagawa netiweki patatu, ndipo kagawidwe kawo kamathandiza kuona pomwe pali dzenje. Pali anthu amene mumafunika kuti ntchito ya lero iyende, anzanu a mu ofesi, makasitomala, ogulitsa katundu. Pali a kunja kwa ofesi amene mumagwirizana nawo pa zokonda kapena pa maphunziro. Ndiye pali gulu lachitatu loona za mawa, anthu amene angakuuzeni komwe ntchito ya mtundu wanu ikulowera, chimene akuluakulu akuganiza, luso limene lidzafunike zaka zikubwerazi. Iwo anapeza kuti mamanejala ambiri gulu loyamba ali nalo lamphamvu, lachitatu ndiye losowa, chifukwa ntchito ya lero imadya nthawi yonse.

Palinso anthu awiri amene timawasokoneza. Mentor ndi munthu wokulangizani, amakuuzani kuti apa mukulakwitsa, apa yesani chonchi. Sponsa ndi munthu waudindo amene amatchula dzina lanu m'chipinda chimene inu mulibemo, pa nthawi imene akugawa mapulojekiti kapena akukambirana za pulomoshoni. Mentor mutha kumupempha. Sponsa simungangopita n'kunena kuti khalani sponsa wanga, amabwera ataona ntchito yanu kwa kanthawi n'kukhutira kuti simungamuchititse manyazi. Ibarra yemweyo ndi anzake analemba mu 2010 kuti m'makampani amene anafufuza akazi ankapatsidwa malangizo ambirimbiri koma owatchula dzina kumtunda anali ochepa poyerekeza ndi amuna, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene ankatsalira pa pulomoshoni.

Zonsezi zimadalira kanthu kamodzi kamene ine ndimaona kuti sikanenedwa mokwanira: munthu sangakutchuleni ngati sakudziwa chimene mumachita. Alipo anthu amene achibale awo enieni atafunsidwa kuti uja amagwira chiyani angoyankha kuti za mu ofesi. Wina atafunsidwa za inu akuyenera kukhala ndi chiganizo chimodzi chomveka, ngati chakuti uja ndi amene amakonza malipoti osokonekera mu Excel, kapena uja amadziwa kulemba mapulopozo. Chiganizo chimenecho chimachokera ku ntchito imene anthu aiona, kaya munathandiza pa pulojekiti ya dipatimenti ina, kaya munadzipereka kukonza nawo msonkhano wa bungwe lanu, kaya mumalemba zimene mwaphunzira pa intaneti. Kugwira limodzi kanthu kakang'ono kumamanga ubale msanga kuposa kupatsana moni m'masemina asanu.

Meseji yoyamba

Tiyeni tione pafupi chifukwa apa ndi pamene zambiri zimafera. Munthu wotanganidwa akutsegula foni akupeza meseji ya nambala yachilendo: "Moni bwana." Basi, palibe china. Akapanda kuyankha, mawa: "Muli bwanji bwana?" Akayankha, pomwepo pakugwa CV, pansi pake: "Chonde ndithandizeni ntchito iliyonse, ndavutika." Wolembayo wavutikadi, zimenezo n'zoona, koma taonani katundu amene wasenzetsa mnzakeyo. Aganize yekha kuti ameneyu ndi ndani, amatha chiyani, angakwane pati, kenako aike dzina lake pa munthu amene sakumudziwa. Ambiri amangoti ndikuuzani kukapezeka kanthu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono onani iyi: "Mwaswera bwanji mayi. Tinaonana ku semina ya za misonkho mwezi watha, ndine uja ndinafunsa funso lomaliza. Ndimagwira za maakaunti ndipo ndikufuna kusamukira mbali ya audit, koma ndasokonezeka kuti ndiyambe ndi satifiketi iti pa ziwiri zimene anthu akundiuza. Mutakhala ndi mphindi 15 sabata ino kapena ya mawa, ndingakuimbireni nthawi imene inu mungasankhe? Ngati mwatanganidwa ndimvetsa."

Yachiwiriyi yanena kuti ndinu ndani, munakumana kuti, mukufuna chiyani, zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo yamupatsa munthu mpata wokana popanda manyazi. Sinapemphe ntchito, yapempha chinthu chimene iye angathe kupereka lero lomwe. Akavomera, konzani mafunso anu musanaimbe, mphindi 15 zikakwana inuyo muyambe kunena kuti nthawi yatha, ndipo musanadule funsani kuti pali wina amene mukuona kuti ndingalankhule naye? Funso limeneli ndi limene limakuwolotsani kupita ku gulu lina.

Kenako pali gawo limene pafupifupi aliyense amaliiwala, kubwerera. Pakatha mwezi kapena iwiri tumizani kameseji koti mayi, ndinatsatira zija munandiuza, ndalembetsa kosi ija, zikomo. Anthu ambiri amene amapereka malangizo samva n'komwe kuti zinatha bwanji, nde amene wabwerera amakumbukiridwa. Ndipo wina akakulumikizani ndi munthu wake, muuzeni mmene zayendera olo zitakanika. Inunso mukafuna kulumikiza anthu awiri yambani mwafunsa mbali zonse, musangogawa nambala ya munthu ngati yanu.

Za manyazi, pali kafukufuku wotonthoza. Francis Flynn ndi Vanessa Bohns mu 2008 anatuma anthu kukapempha alendo tinthu ngati kubwereka foni kapena kuyankha mafunso a pa pepala, atayamba awafunsa kuti akuganiza kuti apempha anthu angati asanapeze ovomera okwanira. Anthu ankayembekezera kukanidwa kwambiri kuposa mmene zinakhalira, pena kusiyana kwake kufika theka. Bohns anadzapezanso kuti kupempha pamaso kumaposa kutali kupempha pa imelo. Ndipo amene simukonda piringupiringu wa anthu musadzione ngati mwatsalira, kucheza ndi munthu mmodzi mofatsa kumapindula kuposa kuzungulira holo yonse mukugwirana chanza ndi anthu amene mawa sakukumbukirani.

Anthu akale aja

Pali chuma china chimene chimangokhala mu foni. Mu 2011 Daniel Levin, Jorge Walter ndi Keith Murnighan anauza mamanejala kuti afunse malangizo pa pulojekiti ya ku ntchito kwa anthu amene sanalankhule nawo kwa zaka zitatu kapena kuposa, n'kuyerekeza ndi malangizo a anthu amene amalankhula nawo nthawi zonse. Malangizo a anthu akalewo anapezeka othandiza kwambiri. Zikumveka, chifukwa munthu wotere ali ndi zabwino ziwiri nthawi imodzi, kukhulupirirana kunalipo kale, komanso pa zaka zimene munasiyana iye wakhala akuona zina zimene inu simunaone.

Ubale uli ngati njira yodutsa pa thengo, ikasiya kuyendedwa imamera udzu koma siisoweratu, mukabwerera mumaizindikira. Chimene chimawawa ndi munthu amene watha zaka zisanu ali zii, lero akutulukira ndi CV m'manja, aliyense amadziwa kuti moni ameneyu ali ndi mchira. Bola kudutsamo pamene simukufuna kanthu, kumuyamikira munthu akakwezedwa, kumutumizira nkhani imene mukudziwa kuti imukhudza, kumufunsa maganizo. Ena amasunga kamndandanda ka anthu 20 kapena 30 ndi tsiku limene analankhulana komaliza. Zimamveka ngati zouma mtima, koma mutu umaiwala, ndipo kulemba tsiku lobadwa la munthu pa kalendala sitinena kuti ndi chinyengo.

Nanga ine wongoyamba kumene ndipereka chiyani, poti akuti kupatsa n'kuika? Zilipo. Mukudziwa mapulogalamu atsopano amene akuluakulu akuvutika nawo, mumamva zimene makasitomala achinyamata akudandaula, mutha kugawira anzanu vakansi imene inu siikukuyenerani, mutha kulemba manotsi a msonkhano n'kutumizira amene sanabwere. Adam Grant wa ku sukulu ya za bizinesi ya Wharton anaonetsa kuti pa nkhani ya kuchita bwino pa ntchito, anthu okonda kuthandiza anzawo amapezeka mbali zonse ziwiri, pamwamba penipeni komanso pansi penipeni. A pansiwo ndi amene amavomera chilichonse mpaka ntchito yawo kuima. Nde kuthandiza kukhale ndi malire, makamaka tinthu timene inu sitikutengerani nthawi yambiri koma kwa mnzanuyo ndi tatikulu.

Koma kodi n'zachilungamo?

Apa anthu amagawikana ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Otsutsa amati olo pasakhale kuphwanya lamulo, netiweki imakondera amene anayamba ali kale pabwino. Mwana wa manejala amakula akumva za maintavyu pakhomo, anzake a makolo ake ndi mabwana, pomwe mnzake wanzeru zofanana amene kwawo ndi woyamba kufika ku koleji alibe womuuza olo zoti vakansi yatuluka. Ndipo poti anthu amatchula ofanana nawo, kampani yodalira kwambiri mawu a antchito ake imadzaza ndi anthu a mtundu umodzi. Raj Chetty wa ku Harvard ndi anzake mu 2022 anaunika maubale a pa Facebook a anthu oposa 70 miliyoni ku America, ndipo anapeza kuti ana a m'mabanja osauka atakulira m'madera momwe osauka ndi olemera amachezerana ngati mmene zilili kwa ana a olemera, ndalama zimene amapeza atakula zingakwere ndi pafupifupi 20 pa 100. Otsutsa amati umenewu ndi umboni woti mpikisano suyambira pa mzere umodzi. Ovomereza amawerenga nambala yomweyo n'kunena kuti ndiye chifukwa chake amene sanabadwire m'netiweki yabwino akuyenera kuphunzitsidwa kuimanga dala, osati kuuzidwa kuti ndi zauve, chifukwa anzawo aja sasiya.

Palinso zoti njirayi siifanana kwa onse. Mkazi akapempha kukumana ndi bwana wamwamuna kuti amufunse za ntchito amayenera kuganizira zinthu zimene mnzake wamwamuna saziganizira n'komwe, kuti anthu anena chiyani, komanso ngati bwanayo samva zina. Wolera ana kapena wokhala kutali sangakwanitse zochezera za madzulo zimene anzake amadziwirana ndi akuluakulu. N'chifukwa chake mabungwe ena amakhazikitsa mapulogalamu a mentor oyendetsedwa ndi ofesi, kuti zisadalire amene amacheza ndi ndani akaweruka, ndipo ena amalamula kuti ntchito iliyonse ilengezedwe poyera, wotchulidwa ndi mnzake adutse mu intavyu yomweyo, ndipo amene ali pa panelo akadziwana ndi wofunsidwa anene n'kutuluka.

Kwa inu panokha, malire ake mutha kuwaona ndi mafunso ochepa. Kodi zimene mnzanuyo akukuchitirani angazinene poyera pamaso pa abwana ake? Kukuuzani kuti vakansi yatuluka, kukufotokozerani mmene kampani imagwirira ntchito, kulemba kalata yokuchitirani umboni pa ntchito imene anakuonani mukugwira, zonsezi angazinene. Kukupatsani mafunso a intavyu usiku, kuchotsa dzina la wina pa mndandanda kuti palowe lanu, zimenezo sangazinene. Ndipo pakangotchulidwa ndalama yoti mupereke kuti dzina lanu lidutse, kapena wina akayamba kunena kuti mukumane kumalo obisika kuti mukambirane bwino za ntchitoyo, imeneyo siilinso networking, ndi ziphuphu, utambwali kapena nkhanza, ndipo malo ambiri a ntchito ali ndi ofesi yokadandaulako.